Khola la zinkhwe kuno ku Ngabu: mmene ntchito ikuyendera

Kumayambiriro kwa Ogasiti

Ndayamba kulemba izi kuti ndizikumbukira zomwe tikuchita pa ntchito yomanga khola lalikulu la zinkhwe, komanso poti pali anzanga angapo a ku Nchalo ndi ku Bangula omwe akhala akufunsa pa WhatsApp kuti kodi mbalame zimenezi zingapirire kutentha kwa kuno kuchigwa. Ndili ndi zinkhwe zing'onozing'ono za mitundu iwiri, ma cockatiel 4 ndi ma lovebird 6, zonse zobadwira mkhola kwa munthu wina woweta ku Blantyre, palibe yogwidwa kutchire. Pano zikukhala mmakeji awiri pakhonde, makeji aja ogula opangiratu, momwe mbalame imangodumpha kuchoka pa kamtengo aka kupita pa ako basi, kuuluka ayi. Chinkhwe chosauluka chimangonenepa, china mpaka chimayamba kudzizula nthenga chifukwa chosowa chochita.

Koma chomwe chikundithamangitsa kwenikweni ndi Okutobala. Malangizo ambiri a pa intaneti analembedwa ndi anthu a kumayiko ozizira, nkhawa yawo ndi yoti mbalame isazizidwe, nde amangoti tsekani mawindo, ikani hita, zoterozo. Ife kuno nkhani ndi ina. Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40 ndipo pakhonde la malata sipakhalika. Mbalame situluka thukuta ngati ife, ndipo thupi lake limakhala kale pa madigiri 40 mpaka 42, nde mpweya ukafika pomwepo ilibe potayira kutentha kupatula kuyasamula kukamwa ndikumapuma mwawefuwefu. Chilichonse pa khola limeneli ndikuchiganizira kuyambira pa dzuwa, zina zonse zikubwera pambuyo.

Malo tasankha kummawa kwa nyumba, pansi pa mtengo wa bwemba. Dzuwa la mmawa lizifikamo pang'ono chifukwa limathandiza thupi la mbalame kupanga vitamini D yemwe amalimbitsa mafupa ndi zikhokhombe za mazira, koma la masana lizitchingidwa ndi bwembayo, la madzulo lizitchingidwa ndi khoma la nyumba. Ndi pokwererako, madzi osefukira a namondwe Ana mu 2022 ndi a namondwe Freddy mu 2023 anadutsa kumunsi kwa bwalo koma apa sanafikepo. Kulinso kutali ndi khitchini ndi khola la nkhuku. Kukula kwake mamita 4 mulitali, 2 mulifupi, kupita mmwamba 2 ndi kachidutswa, zipinda ziwiri. Zipinda ziwirizo nzofunika ndithu, lovebird ndi kambalame kakang'ono koma kamlomo kake nkolimba ndipo kamakonda kuluma zala za mbalame zofatsa ngati cockatiel mpaka kudula.

Pakati pa Ogasiti

Maziko atha. Amisiri athu anadabwa nditawauza kuti akumbe mpaka theka la mita, akuti "achimwene, maziko onsewa a mbalame?" Ndinawafotokozera kuti si kulemera kwa khola ayi, ndi makoswe. Khoswe amakumba pansi kutsata zakudya zotayika, ndipo komwe kwalowa khoswe njoka imatsatira konko. Nde taika njerwa zootcha, tadzaza dothi kuti pansi pakwere masentimita 40 kuchoka pabwalo, kenako simenti yotsetsereka pang'ono kuti madzi otsukira azituluka okha pa kapaipi komwe tatseka kukamwa ndi waya.

Nkhani ya waya ndiyomwe yatenga nthawi. Waya wa nkhuku uja wopezeka paliponse ndi wotchipa koma sayenera, ndi wopyapyala, chinkhwe chimamupinda ndi mlomo, galu kapena mphaka amamung'amba, ndipo mabowo ake kanjoka kamalowa bwinobwino. Ndinakagula ku Limbe waya wa mesh wowotcherera wa mabowo a mamilimita 12, anabwera pa lole mpaka pa Thabwa ndikutsika naye kuno. Mtengo wake wokha unandidyera pafupifupi theka la ndalama yomwe ndinasungira ntchito yonse, koma pamenepa sipoumira.

Chomwe anthu ambiri sadziwa ndi choti waya watsopano wonyezimira uja amakutidwa ndi zinki, ndipo zinkhwe zimakwera ndi mlomo, zimanyambita chilichonse. Timibulu ta zinki totsalira pa waya tikamezedwa ndi poizoni, mbalame imayamba kufooka, kumwa madzi kwambiri, kusanza, mwina mpaka kugwa khunyu. Nde tamuyala pabwalo, takwecha ndi burashi ya waya kuchotsa timibulu tonse, tatsuka ndi viniga, kutsukuluza ndi madzi ambiri ndikumusiya padzuwa masabata angapo. Ana anga ndi omwe agwira kwambiri ntchito imeneyi, manja onse kununkha viniga. Penti sitipaka mkati, ndipo matabwa onyikidwa mmankhwala a chiswe ndawakana chifukwa mbalamezi zimatafuna mtengo tsiku lonse. Felemu ndi ya zitsulo, owotcherera a pa msika pano ndi omwe akupanga.

Kumapeto kwa Ogasiti

Lero sitinamange kanthu koma ndilembe zomwe zachitika. Kwabwera kamnyamata ndi katoni, akuti "ankolo, ndamva mumagula zinkhwe." Mkatimo munali mwana wa chinkhwe cha kuno kwathu, chija chobiriwira cha mutu wotuwirako ngati khofi, chomwe chikatambasula mapiko mkhwapa mwake mumaoneka chikasu, pa Chingerezi amati brown-headed parrot. Ndi chomwe timachimva chikulira mokweza chikamadutsa mmawa kumbali ya Lengwe ndi Majete. Nthenga zinali zisanathe kumera, anachitulutsa mphako ya mlambe, ndipo anali akuchipatsa nsima.

Ndinamukhazika pansi, ndinati mphwanga, ine ichi sindingagule ngakhale utanditsitsira bwanji, chifukwa ndikagula lero mawa ukwera mlambe wina. Zinkhwe zimenezi sizimanga zisa, zimaswera mphako za mitengo ikuluikulu yomwe ikutha ndi makala, nde mphako imodzi ikagumulidwa ndi nkhwangwa ndiye kuti banja limenelo lasowa poswera zaka zambiri. Komanso ndi mlandu. Lamulo la nyama zakutchire lomwe linakonzedwanso mu 2017 sililola kugwira kapena kusunga nyama ndi mbalame zotetezedwa popanda chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, ndipo zilango zake zinakwezedwa kwambiri, pa nyama ngati njovu, chipembere ndi ngaka mpaka zaka 30 kundende. Ngakhale chinkhwe chotuwa cha mchira wofiira chija chodziwa kuyankhula, African grey, chomwe kwawo ndi ku nkhalango za ku Congo ndi kuzambwe kwa Africa, mayiko atakumana ku Johannesburg mu 2016 pansi pa pangano la CITES loona za malonda a nyama ndi zomera zakutchire anagwirizana kuletsa malonda a zogwidwa kutchire chifukwa zinali zikutha.

Tinapita limodzi kwa bambo ake, anthu omvetsa ndithu, ndipo tagwirizana kuti mbalameyo ikaperekedwe kwa a gemu ku Lengwe omwe akudziwa kolowera nayo. Sindinailowetse pakhonde pafupi ndi zanga ngakhale pang'ono, ndipo nditabwerako ndinasamba ndikusintha zovala, chifukwa pali matenda ena a zinkhwe othothola nthenga ndi kupunditsa mlomo omwe amayenda mu fumbi la nthenga ndipo alibe mankhwala.

Sabata yoyamba ya Seputembala

Denga latha. Malata taika theka lokha la khola, mbali yogona, ndipo pamwamba pake tasiya mpata wa chikhatho chimodzi ndikufolera udzu wokhuthala kuti dzuwa lisamenye lata mwachindunji. Theka linalo ndi waya wokha, wophimbidwa ndi mphasa za bango zomwe tingachotse tikafuna. Pamwambapo waya ndi wapawiri chifukwa cha akabawi ndi amphaka, komanso pakhoma logawa zipinda. Khomo nalo ndi lapawiri, ukalowa loyamba umatseka kaye kenako nkutsegula lachiwiri, mbalame ikapulumuka imathera mkakhonde kameneko.

Pakati pa Seputembala

Podikira kuti simenti iume bwino ndi waya apitidwe mphepo, ndalimbana ndi nkhani ya chakudya. Zosakaniza za mmapaketi za ku Blantyre ndi zodula ndipo zambiri zadzadza mpendadzuwa. Mbalame zimaukonda zedi, zimasankha umenewo nkusiya zina zonse, koma pafupifupi theka la njere ya mpendadzuwa ndi mafuta, nde chinkhwe chodya zimenezo zokha chimanenepa chiwindi nkufa chisanakalambe. Cockatiel wosamalidwa bwino amatha zaka 15 mpaka 20, lovebird 10 mpaka 15, koma zambiri sizifikako chifukwa cha mbale ya njere zokhazokha. Njere zilibe vitamini A wokwanira ndi kashiyamu, ndipo mbalame yosowa vitamini A imadwaladwala chimfine ndi zilonda kukhosi.

Mwayi wathu kuno kuchigwa ndi woti mbewu zomwe mbalamezi zimafuna ndi zomwe timalima. Mapira, mchewere, mawere, chitowe pang'ono. Koma pogula pamafunika kufunsa. Mbewu zambiri za pamsika zimakhala zothira mankhwala a anankafumbwe, fumbi loyera lija, ife timapeta ndikutsuka nkuphika koma mbalame imadya zosaphika ndipo kathupi kake ndi ka magalamu ochepa. Mbewu yobzala ya mtundu wofiira kapena wobiriwira ija ndiye musayerekeze nkomwe. Ndapeza agogo ena kumudzi kwa akazi anga omwe amasunga mapira ndi mchewere ku ngala zake, ndinawafunsa kuti agogo munathira kanthu umu, akuti "ayi mwanangu, awa ndi a padenga, amangouma ndi dzuwa." Ngala yonse ndimaipachika mkeji, mbalame zimatha maola zikusola zokha njere imodziimodzi, ndipo ntchito imeneyo ndi yomwe imazichotsa maganizo odzizula nthenga.

Mtedza ndasiyiratu. Chuku cha mu mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimatulutsa poizoni wa aflatoxin yemwe amaononga chiwindi, ndipo fumbi la chukucho likalowa mmapapo a mbalame limamera momwemo, kuchiza kwake nkovuta kwambiri.

Zamasamba ndikuzipatsa mmawa kusanatenthe: chammwamba chomwe kuno ena timati sangowa, bonongwe, chisoso, nkhwani, kholowa, zonse za padimba pathu. Za pafupi ndi minda ya thonje sindithyola chifukwa cha mankhwala opopera, ngakhale kaudzu ka mmbali mwa munda. Mbatata yofiira mkati yophika ndi dzungu ndi zabwino pa vitamini A uja. Zipatso pang'ono basi, papaya, gwafa, masau otsala, ufa wa malambe kuwaza pamwamba, mango akapsa tidzawonjezera. Tsabola wofiira zimadya osamva kuwawa. Njere zina ndikumazimeretsa ngati mmene timachitira chimera cha thobwa, kunyika usiku, kukhetsa, kutsukuluza kawiri katatu pa tsiku, zikangotulutsa kamchira koyera nkupereka. Koma ndi kutentha kuno zimasasa msanga, nde ndimanunkhiza kaye, fungo likangosintha ndimataya. Za kashiyamu ndikuwiritsa zikhokhombe za mazira, kuumitsa nkusinja.

Zomwe ndalemba pa pepala nkumata pakhomo kuti ana ndi alendo aziona: mapeyala ayi, amapha chinkhwe ngakhale kachidutswa, chokoleti ayi, tiyi ndi khofi ayi, mowa ayi, anyezi ayi, nyemba zosaphika ayi, chinangwa chachiwisi ayi, ndiwo zamchere ndi tchipisi ayi. Ma cockatiel anakana masamba masiku oyamba, ndi mbalame zamantha ndi chinthu chachilendo, koma nditayamba kumangirira chammwamba chonyowa mmwamba pafupi ndi pomwe amakhala anayamba ndi kudzikhuza pa masambawo ngati akusamba kenako nkumaluma. Ma lovebird sanachedwe.

Kumapeto kwa Seputembala

Mbalame zalowa. Ndinazisamutsa mmamawa, kuika makeji akale mkati nkutsegula zitseko kuti zituluke zokha. Ma lovebird anatuluka nthawi yomweyo nkuyamba kuyendera ngodya iliyonse akulongolola, ma cockatiel anakhala mpaka cha mma 10 akungosuzumira, nthenga za pamutu zili njo mmwamba, kenako wamkazi wamkulu anauluka mpaka kumapeto nkutera movutikira, akupuma mwamphamvu. Mapiko anali atazolowera kukhala. Pofika kumapeto kwa sabata onse akuuluka uku ndi uku osatopa, ndipo ndikaima panja kumva phokoso la mapiko lija mtima umakhala mmalo.

Mitengo yoterapo ndi nthambi za gwafa ndi bulugama zosasenda makungwa, zina zonenepa zina zowonda kuti zala zisamagwire mofanana tsiku lonse, apo ayi kuphazi kumatuluka zilonda. Ndaziika kumapeto ndi kumapeto, pakati ndasiya poulukira. Nkhadze ndi nsatsi zomwe zinali kumpanda pafupi ndadula, utomoni wa nkhadze ndi njere za nsatsi ndi zoopsa.

Usiku wina cha pakati pa usiku tinadzidzimuka ndi chiphokoso mchipinda cha ma cockatiel, akudzimenyetsa ku waya. Ndi khalidwe lawo limenelo, saona bwino mumdima nde kakangodutsa kanthu, kaya mphaka kaya kadzidzi, amauluka mwachisawawa. Mmodzi anathyoka nthenga yanthete ya phiko ikutuluka magazi, ndinamugwira ndi kathaulo nkutsina pamenepo ndi ufa woyera mpaka magazi anasiya. Pano ndaika kababu ka sola kowala pang'ono kwambiri pakona ndipo madzulo timatsitsa mphasa mbali ya kumsewu. Mbalamezi zimafunika kugona maola 10 mpaka 12.

Okutobala

Nthawi ija yafika. Ndapachika themomita ziwiri, ina pakhonde pomwe panali makeji ina mkhola pansi pa udzu pamsinkhu womwe mbalame zimakhala, ndipo masana aliwonse ya mkhola ikumakhala yotsikirapo ndithu. Koma ngakhale choncho kuyambira 1 koloko mpaka cha mma 4 mbalame zonse zimangokhala duu, nthenga zitamatirira kuthupi, mapiko atatakasuka pang'ono. Anthu amati paja cockatiel kwawo ndi ku Australia kotentha, nzoona, koma kutchire amasankha yekha mthunzi ndi madzi, ndipo ngakhale komweko kukatentha mopyola muyezo mbalame zimafa zambirimbiri. Ya mkhola ilibe kothawira kupatula komwe taikonzera ife.

Zomwe zikuthandiza kwambiri ndi masaka a ulusi onyowa. Ndawapachika kunja kwa waya mbali yochokera mphepo, kunja kuti zisamatafune ulusi, ndipo timawathira madzi masana. Mpweya wa Okutobala ndi wouma nde madzi akamauma pa saka amachotsa kutentha, ukaima kuseri kwake umamva wekha kusiyana. Pansi pa simenti timathiranso madzi. Fani sindikuidalira chifukwa magetsi amatha kuzima nthawi yomwe ukuwafuna kwambiri. Mabeseni osaya a dothi taika awiri chipinda chilichonse, madzi ofika mmiyendo basi, ma lovebird amadzigwetsamo mpaka kutuluka atanyoweratu, ma cockatiel amakonda kupoperedwa ndi botolo. Botolo lake ndi latsopano, losagwirapo mankhwala a mmunda. Ukamapopera mmwamba kuti madzi azigwa ngati mvula yowaza, cockatiel amaweramitsa mutu, kutambasula mapiko onse, kupendekera mbali iyi kenako iyo, mpaka kulendewera chadodolido pa nthambi kuti madzi alowe mkhwapa.

Madzi akumwa ndi nkhani ina ya kuno kwathu. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje madzi ake ndi amchere, wathu wapafupi nawo ndi choncho, ndipo impso za kambalame ka magalamu 50 sizingalimbane ndi mchere pa nthawi yomwe kakumwa madzi ambiri chonchi. Nde akumwa tikutunga ku mjigo wina wakutali womwe madzi ake ndi okoma, kuwiritsa, nkusunga mumtsuko kuti azizizira. Timasintha mmawa, masana ndi madzulo chifukwa akatentha mbalame sizimwa, komanso zimanyikamo zakudya nde amaonongeka msanga. Zamasamba zotsala timachotsa isanakwane 10 koloko.

Tsiku lina lotentha kwambiri mwana wanga wamkazi anabwera akuthamanga, "adadi, ka lovebird kamodzi kali pansi." Ndinakapeza kali pa simenti, kukamwa yasa, mapiko atagwa, kakudzandira. Ndinakalowetsa mnyumba mchipinda chozizirirapo, kukapopera madzi a mumtsuko mpaka kunyowa kufika pakhungu, timiyendo nkutiviika mmadzi omwewo. Madzi a mufiriji kapena ayezi sayenera, amadzidzimutsa thupi. Kuthira madzi kukamwa mokakamiza nakonso ayi, amatha kulowa njira ya mpweya, ndinangodontheza mmbali mwa mlomo kuti kameze kokha. Patapita kanthawi kanatseka kukamwa nkuyamba kudzikonza nthenga. Kameneka ndi konenepa kuposa anzake onse, ndipo zonenepa ndi zomwe zimayamba kugwa. Nditaonetsetsa ndinapeza kuti anzake awiri amakathamangitsa pa nthambi ya pamthunzi wabwino, nde ndaonjezera nthambi zina ziwiri mbali yomweyo ndi mbale ina ya madzi kuti pasakhale kulimbirana.

Apa ndi pomwe sikelo yandithandiza. Ndinagula ya digito ya kukhitchini yoyeza magalamu, Loweruka lililonse mmawa zisanadye ndimayeza imodziimodzi mkabokosi nkulemba mkope. Ma cockatiel amayenera kukhala pakati pa magalamu 80 ndi 120, ma lovebird 40 mpaka 60. Mbalame imabisa matenda, kutchire yooneka yofooka ndi yomwe imagwidwa, nde pomwe mukuiona itafufuma nthenga, maso ali tsinzi, mchira ukugwedezeka popuma, ndiye kuti yadwala kalekale. Sikelo imaulula msanga, ikatsika ndi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwake ndi nthawi yofuna thandizo. Ndimayang'ananso zitosi mmawa uliwonse ndisanatsuke, zabwino zimakhala ndi kobiriwira kapena kotuwa kolimbirako, koyera, ndi timadzi pang'ono. Koyerako kakasanduka kachikasu kapena kobiriwira nthawi zambiri ndi chiwindi.

Kumapeto kwa Okutobala

Chitopa chalowa mmudzi, nkhuku zikugwa makomo angapo monga zimakhalira nyengo yotentha ino. Matenda amenewa amagwiranso zinkhwe. Nkhuku zathu zinalandira katemera wa I-2 wodontheza mmaso uja, yemwe amabwerezedwa miyezi inayi iliyonse, ndipo ndinapita kukafunsa alangizi a ziweto poti maofesi a zaulimi a Shire Valley ADD ali konkuno ku Ngabu. Anandilangiza kuti chachikulu ndi kutchinga njira: nkhuku zisafike pafupi ndi khola, wogwira nkhuku asalowe kwa zinkhwe asanasambe mmanja, ndipo pakhomo pakhale masilipasi olowera mmenemo mokha ndi beseni la madzi a Jik lopondamo. Tamanga kampanda ka bango kuzungulira. Alendo ofuna kuona akuonera patali kaye, ena akudandaula koma ndikumawafotokozera bwinobwino.

Mnzanga wina amafuna andipatse ma budgie awiri, mtundu wina wa tizinkhwe tating'ono, ndamuuza adikire. Mbalame yatsopano iliyonse imayenera kukhala payokha masiku osachepera 30, kutali, ndi mbale zakezake, ndipo pano malo otero ozizira bwino ndilibe.

Potsuka mkhola timayamba tawaza madzi kuti fumbi la zitosi lisauluke, nkumanga kansalu pamphuno. Pali matenda otchedwa psittacosis omwe munthu amatengera ku zinkhwe popuma fumbi limeneli, amayamba ndi kutentha thupi, mutu ndi chifuwa, nde kuno aliyense angoti ndi malungo. Ndauza a mnyumba mwanga kuti wina akadwala chonchi nkupezeka kuti malungo mulibe, aziwauza adokotala kuti kwathu timasunga zinkhwe, chifukwa mankhwala ake alipo ndipo amachiza. Makoilo a udzudzu ndi mankhwala opopera sitiyatsa kapena kupopera mbali ya kummawa kwa nyumba, mapapo a mbalame amakoka utsi msanga kuposa athu.

Kumayambiriro kwa Disembala

Mvula yoyamba yagwa ndipo zinthu zatembenuka. Kukutenthabe koma mpweya ndi wachinyezi, nde masaka onyowa aja sakuziziritsanso, akungochita chuku, ndawachotsa onse. Pano chofunika ndi mphepo kudutsa, mphasa za mmbali tazikweza. Mapira ndi mchewere ndasunga mmabigiri otseka bwino pamwamba pa thandala, ndikumatulutsa za masiku ochepa basi. Madzi a mvula tikutchera kuchokera pa malata a nyumba, oyamba otsuka denga timataya, enawo kuwiritsa, nde ulendo wa ku mjigo wakutali wachepa. Linthumbu linadutsa kuseri kwa khitchini usiku wina, ndipo limeneli likalowa mkhola mbalame sizingapulumuke, nde talambula udzu wonse kuzungulira mpaka mamita awiri ndipo madzulo aliwonse tikuwaza phulusa mmbali mwa maziko.

Ma lovebird ayamba zofuna kuswa. Ndinaika tsamba la mlaza kuti azisewera nalo, wamkazi mmodzi wa nkhope yofiirira, mtundu uja wochokera ku Namibia ndi Angola, anayamba kulidula timizere tatitali tofanana bwinobwino, kenako nkumatembenuza mutu kutisomeka mu nthenga za pamwamba pa mchira, nkuuluka nato tikulendewera kumbuyo kufunafuna pomanga. Tambiri timagwa panjira, amabwerera nkudulanso. Mabokosi oswera sindiika chaka chino. Kuikira kumadya kashiyamu wambiri mthupi la yaikazi ndipo dzira limatha kukanirira mkati, makamaka ikadali yaing'ono, komanso ana oswedwa mkabokosi ka matabwa ndi chinyezi ndi kutentha kwa Januwale angavutike. Amaikira mazira 4 mpaka 6 nkufungatira masiku pafupifupi 23, nde ndikuwerengera kuti tidzayese cha mu Meyi kukayamba kuzizira. Ndipo ana ake sadzapita kwa munthu yemwe alibe khola lotseka bwino, chifukwa dziko lino lili ndi lovebird wakewake, Lilian's lovebird wa ku Liwonde yemwe amagona mphako za mitengo ya tsanya ndipo alipo ochepa, sitikufuna mbalame zothawa mmakhola zizikafalitsa matenda kutchire.

Zotsala ndi ngalande kumtunda kwa khola kuti madzi ochokera padenga la nyumba asamagunde maziko, amisiri abwera Lolemba. Makeji akale aja sindigulitsa, ndawatsuka nkuwapachika mkakhonde ka pakati pa zitseko, limodzi ndi kabigiri ka njere ndi thaulo logwirira, kuti a zanyengo akalengeza za namondwe tizingolongeza mbalame nkulowa nazo mnyumba usiku usanagwe. Sabata ino ndiyamba kuziphunzitsa kudyera mmakeji amenewo madzulo kuti tsikulo zisadzavute kulowa.